Khutu Liyambe, Sipanala Pambuyo: Mafunso ndi Mayankho pa Phokoso la Injini ya Pikapu

M'mawa wa mu Juni pa Dedza boma, nkhungu isanachoke m'phiri, mapikapu amakhala atadzuka kale. Ena akukatenga kachewere ku Bembeke, ena anyamula kabichi ndi tomato wopita ku Lilongwe, ena akudikira anthu a matola a ku Lobi ndi ku Mayani. Dalaivala amaliza injini n'kuima pambali, manja ali m'matumba a jekete, kudikira kuti itenthe. Pa nthawi imeneyi, galimoto isanasunthe, m'pamene injini imanena za kukhosi. Tsoka lake ambirife timakhala tili pa foni, kapena tatsegula kale wailesi. Mafunso otsatirawa ndi omwe eni mapikapu amafunsa akayamba kumva kulira kwachilendo pansi pa boneti.

N'chifukwa chiyani phokoso limamveka galimoto itaima, koma ndikayamba kuyenda limasowa?

Kawirikawiri silisowa ayi, limangokwiririka. Mukakhala pa M1, matayala akulira, mphepo ikuwomba, matumba akugwedezeka kumbuyo, kaphokoso kakang'ono simungakamve. Koma palinso zifukwa ziwiri za m'kati mwa injini momwemo.

Choyamba ndi oyilo. Pampu ya oyilo imazunguzidwa ndi injini yomweyo, ndiye injini ikamayenda pang'onopang'ono, pampu nayo imakankha mofooka. Pikapu ya dizilo ikaima, injini yake imazungulira maulendo apakati pa 650 ndi 800 pa mineti. Ikakhala kuti yatentha, oyilo amakhalanso atasungunuka ngati madzi. Zitsulo zoperepeseka zimene pa liwiro zimayandama pa oyilo, pa nthawi iyi zimapeza mpata wogundana.

Chachiwiri ndi kunjenjemera. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira maulendo 750 pa mineti, moto umaphulika ka 25 pa sekondi iliyonse. Kugunda kotalikirana chonchi kumagwedeza chilichonse chomasuka. Mukaponda moto, kugundako kumathithikana, kunjenjemera kumasalala, ndipo bawuti yomasuka ija imakhala duu ngati ilibe mlandu.

Dizilo ndi yaphokoso kale. Ndingasiyanitse bwanji kulira kwake kwa masiku onse ndi kulira kwa matenda?

Injini ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto. Pistoni imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri. Pa injini zakale za Toyota monga 3L ndi 5L, mpweyawo umafinyidwa pafupifupi ka 22. Kenako injekita imapopera mafuta, iwo n'kuyaka okha. Injini ikakhala yozizira, mafuta amachedwa kuyaka. Amayamba aunjikana kaye, kenako n'kuphulikira pamodzi. Ndiko kuja kumveka khakhakha ngati munthu akuswa miyala.

Kuno ku Dedza vutoli limakulirako. Tawuniyi ili mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo phiri lake limayandikira mamita 2,200. Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300, kutanthauza kuti pa boma pano imakhala itataya kale pafupifupi 15 pa 100. Mpweya wochepa ndi wozizira umachedwetsanso kuyaka kwa mafuta. N'chifukwa chake pikapu imene imalira bwinobwino ku Mtakataka imadzuka ikukhosomola ku Bembeke.

Muyezo wake ndi uwu: phokoso la kuzizira limachepa injini ikamatentha, ndipo pakatha mamineti ochepa limakhala litatha. Ngati m'masekondi oyamba galimoto ikunjenjemera kwambiri ndi kutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo, ganizirani mahita, timapulagi tija totenthetsa m'silinda. Imodzi ikafa, silinda yake imachedwa kudzuka. Amakaniko amaziyeza ndi mita mosavuta, ndipo ndi bwino kusintha zonse 4 pamodzi. Inunso dikirani kagetsi ka mahita kazime musanalize. Phokoso loopsa ndi limene limachita zosiyana ndi zimenezi: lochepa m'mawa, lokula injini ikatentha.

Ndisanapite kugalaja, ndingaone chiyani ndekha?

Imikani galimoto pamalo osapendekeka, chotsani giya, kokani handibuleki, ikani mwala ku tayala. Injini isanalire, sololani kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezeni, kasololeninso. Oyilo akakhala pansi pa mzere wam'munsi, mwina mwapeza kale gwero la vuto. Mupakeni pa chala n'kumuyang'ana padzuwa. Tinthu tonyezimira ngati golide kapena siliva ndi zitsulo za m'kati zimene zikuperepeseka. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti walowa madzi. Onaninso madzi mu radiyeta, koma injini ili yozizira.

Mukatero lizani, ndipo mudzifunse mafunso anayi. Phokosoli likumveka injini ili yozizira, yotentha, kapena nthawi zonse? Likuchokera pamwamba, pansi, kutsogolo kumene kuli malamba, kapena kumbuyo kufupi ndi giyabokosi? Mukaponda moto pang'ono, likufulumira limodzi ndi injini kapena likungosowa? Likusintha mukaponda kilatchi, mukapotoza chiwongolero mpaka kumapeto, kapena mukayatsa magetsi onse?

Jambulaninso phokosolo pa foni, makamaka la m'mawa. Galimoto ili ngati mwana wodwala amene amayamba kusewera akangofika kuchipatala. Mukafika kugalaja itatentha, phokoso la m'mawa lija simudzalimvanso, ndipo amakaniko adzangokuyang'anani.

Ndimaona amakaniko ataika sikuludiraiva kukhutu. Zimathandizadi, kapena ndi matama chabe?

Zimathandiza kwabasi. Tsiku lina ndinali pa galaja ina ya pansi pa mtengo, kufupi ndi msika wa pa boma. Panafika bambo wina ndi pikapu yakale yodzaza matumba a kachewere, nkhope ili yakugwa.

"Amisiri, injini yanoka. Tangondiuzani mtengo wophwasulira, ndikagulitse mbuzi."

Mkulu wa pagalajapo sanayankhe. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kutenga sikuludiraiva yaitali ngati mkono. Nsonga anaikhazika pa chivundikiro cha mavalavu, chogwirira n'kuchitsamiritsa pa fupa la patsogolo pa khutu. Anatsinzina. Anasunthira pa injekita iliyonse, imodziimodzi, kenako anagwada n'kugunditsa m'mbali mwa injini cha kumunsi. Konseko anangopukusa mutu. Atafika pa alternator anatsinya nkhope ngati walawa bwemba.

"Bwana, bwerani mumve nokha. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

Mwini galimoto anaika khutu, n'kudzidzimuka. M'chitsulomo munkamveka ngati mphero ikupera miyala. Bering'i ya alternator inali itatha, ndipo bawuti imodzi ya chogwirizira chake inali itamasuka, n'kumamenya injini gogogo. Mbuzi zija zinapulumuka.

Chitsulo chimanyamula phokoso la malo amene chagunda n'kusiya ena onse. Payipi ya mphira nayo imathandiza, makamaka pofufuza pamene mpweya ukuthawira: mbali ina kukhutu, mbali ina mukuyendetsa m'mbali mwa injini. Chenjerani ndi fani ndi malamba. Pindani manja a malaya, vulani mpango wa m'khosi umene mwavala chifukwa cha chisanu, ndipo sikuludiraiva isayandikire chilichonse chozungulira.

Ikulira tswiii kutsogolo, makamaka m'mawa kukakhala nkhungu. N'chiyani?

Ameneyo kawirikawiri ndi lamba wa fani, akuterereka. Chinyezi cha m'mawa chimamunyowetsa, ndipo batire limene lavutika kuliza injini yozizira limachititsa alternator kulemera. Wazani timadzi pang'ono pa lambayo injini ikulira. Phokoso likasintha nthawi yomweyo, vuto ndi lamba kapena kumangika kwake. Likapanda kusintha, ganizirani mabering'i a alternator, a pampu ya madzi, kapena a kagudumu kokungira lamba. Amakaniko amatsimikiza pochotsa lambayo n'kuliza injini kwa masekondi ochepa. Phokoso likatha, ndiye kuti lili mu chimodzi mwa zinthu zimene lambayo amazunguza. Kenako amazunguza chilichonse ndi dzanja, kumva chokhakhala kapena chogwedera. Pampu ya madzi ikamafa imasiyanso mkhwasa wa dzimbiri kapena madontho pansi pake.

Ena amapaka sopo kapena kandulo pa lamba. Amakhaladi chete tsiku limodzi, koma kuterereka kumawonjezeka. Enanso amamukunga mopyola, n'kupha mabering'i amene anali bwino. Lamba wong'aluka kapena wonyezimira ngati galasi ndi wofunika kusintha basi.

Musamuderere lamba ameneyu. Pa mapikapu ambiri akale a dizilo, kumbuyo kwa alternator kuli kapampu kokoka mpweya kamene kamafewetsa buleki. Lamba akaduka, batire limasiya kulandira moto, madzi amasiya kuzungulira, ndipo mukaponda buleki kawiri katatu imauma gwa ngati mwala. Taganizani zimenezi zikuchitikirani mukutsika Khwekhwelere, msewu wokhotakhota uja wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti, matumba ali tho kumbuyo.

Nanga tetete wofulumira wochokera pamwamba pa injini?

Awo nthawi zambiri ndi matapeti. Pakati pa valavu ndi chitsulo choikankha pamasiyidwa kampata kakang'ono, kuti zitsulo zikafufuma ndi kutentha valavu izitsekabe bwino. Kampatako kakakula, pamamveka tetete wopepuka ngati makina osokera. Camshaft imazungulira theka la liwiro la crankshaft, choncho kulira kwa valavu imodzi kumakhala kodekha poyerekeza ndi kugunda kwa pansi.

Kakonzedwe kake kamasiyana. Pa Isuzu KB za injini ya 4JA1 kapena 4JB1, pali timabawuti tochunira, ndipo mpata wake ndi mamilimita 0.40 injini ili yozizira. Ndi ntchito ya ola limodzi kwa munthu amene ali ndi timapepala tachitsulo toyezera. Pa Toyota 3L ndi 5L mpata umachunidwa posintha tizitsulo tozungulira ngati makobidi, ndiye pamafunika mmisiri amene ali nato. Musalole munthu wochuna ndi maso. Matapeti othina kwambiri salira n'komwe, koma ndi amene amawotcha mavalavu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimanamizira matapeti. China ndi gasiketi ya pamene ekizozi imalumikizana ndi injini. Ikaboola imalira tchetchetche m'mawa, n'kuchepa zitsulo zikafufuma, ndipo imasiya mwaye wakuda pamalopo. China ndi mawashala a kopa a pansi pa mainjekita. Akatha, utsi umathawira m'mbali mwa injekita, pamamveka phwephwephwe, ndipo pamaundana zakuda ngati phula la msewu. Pa injini zina zatsopano, mwaye umenewu umalowa mu oyilo n'kukatseka sefa ya pampu mu sampu. Washala wa mtengo wochepa amatha kupha injini yonse mwa njira imeneyi.

Ndi phokoso liti limene ndikangolimva ndizimitse pomwepo?

Ndi gogogo wolemera wochokera pansi, ngati munthu akugogoda chitseko chathabwa ndi nyundo. Amakula injini ikatentha, ndipo amamveka kwambiri mukaponda moto pang'ono n'kusiya. Uku ndiye kunoka kwenikweni. Pakati pa crankshaft ndi ndodo za mapistoni pali mabering'i opyapyala amene sayenera kukhudzana ndi chitsulo chinzake, chifukwa pakati pawo pamakhala oyilo. Oyilo akachepa, akada kwambiri, kapena pampu ikafooka, mabering'iwo amadyeka, mpata umakula, ndipo pistoni ikangophulitsa moto ndodo imamenya crankshaft.

Mboni yake yaikulu ndi kagetsi kofiira ka oyilo. Kakamaphethira galimoto itaima injini ili yotentha, n'kuzima mukaponda moto, musadzinamize kuti ndi mawaya. Kagetsi kameneka kamayaka mphamvu ya oyilo itatsika kale kwambiri, osafika ngakhale theka la bar pa magalimoto ambiri. Amakaniko achotse kaswitchi kake, amange geji yeniyeni, muone nambala.

Mukazimitsa msanga, mwina mungosintha mabering'i, kapena kutumiza crankshaft ku Lilongwe kuti akaipale. Mukakakamira, ndodo imaduka n'kuboola injini m'nthiti, ndipo chotsala ndi kukasaka injini ina yonse.

Pali kugogoda kwina kofanana nako koma kosaopsa chotere: pistoni yotha imene ikugwedera m'silinda. Iyo imalira mopepuka ngati chitini chopanda kanthu, imamveka m'mawa, n'kuchepa ikatentha. Galimoto yotere imatha kuyendabe nthawi yaitali, ngakhale imakhala ikudya oyilo.

Amakaniko ena akuti ndi mainjekita, ena akuti ndi mabering'i. Ndimvere ndani?

Mverani amene wayeza. Injekita ikamadontha m'malo mopopera ngati nkhungu, mafuta amaunjikana n'kuphulika mwamphamvu, ndipo kugogoda kwake kumanamiza ngakhale akatswiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa injekita kumakhala kwakuthwa, kumachokera pamwamba, kumabwera ndi utsi, ndipo kagetsi ka oyilo sikaphethira.

Pa injini zakale za pampu wamba, amakaniko amamasula pang'ono nati ya payipi ya injekita imodzi injini ikulira, kuti silinda imeneyo isalandire mafuta. Phokoso likatha, silinda yodwala yapezeka. Koma apa nkhani sinathe, chifukwa bering'i yotha nayo imachepetsa kugogoda silinda yake ikasiya kuphulitsa moto. Ndiye amasinthanitsa injekitayo ndi ya silinda ina. Phokoso likasamuka nayo, vuto ndi injekita. Likatsalira pomwepo, vuto lili pansi.

Njira imeneyi isayesedwe pa injini zatsopano za common rail, monga D-4D ya Toyota, YD25 ya Nissan kapena 4JJ1 ya Isuzu. M'mapayipi ake mafuta amakhala pa ma bar mazana angapo ngakhale galimoto itaima, ndipo pa liwiro amapitirira 1,000, pamene tayala la pikapu timalipopa ma bar 2 kapena 3 okha. Dizilo wothamanga chonchi amaboola khungu. Injini zimenezi zimayezedwa ndi kompyuta, komanso poona kuchuluka kwa mafuta amene injekita iliyonse ikubweza.

Dzifunseninso kuti mafuta omaliza munathira kuti. M'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012, 2022 komanso 2024, ambiri tinapulumukira ku zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo kuno kufupi ndi malire a Mozambique sizisowa. Dizilo wa m'chigubu amatha kukhala ndi madzi, fumbi kapena parafini. Parafini alibe mafuta ofewetsa zitsulo ngati dizilo, choncho amadya pampu ndi mainjekita. Musanagule chipangizo chilichonse, khetsani madzi pansi pa fyuluta ya dizilo, isintheni, ndipo muyese ndi mafuta abwino.

Kodi lamba kapena tcheni ya taiming'i imachenjeza isanaduke?

Tcheni imachenjeza, lamba sachenjeza kawirikawiri. Injini za tcheni, monga YD25 ndi za Hilux zatsopano za 1GD ndi 2GD, tcheniyo ikatalika kapena chokungira chake chikafooka, imalira wayawaya kutsogolo kwa injini. Poyamba imangolira masekondi ochepa mukangoliza, oyilo asanafike. Ikayamba kulira nthawi zonse galimoto itaima, ndiye kuti nthawi yatha.

Lamba wa taiming'i amayenda mwakachetechete mpaka tsiku lomwe waduka. Chimene mungamve ndi timagudumu take tikamalira. Choncho samuyembekezera kuti alire, amamuwerengera makilomita. Pa injini za Toyota za L amasinthidwa pa makilomita 100,000, pa 1KD ndi 2KD pa makilomita 150,000, ndipo kagetsi kolembedwa T-BELT kamayaka kukukumbutsani. Kagetsiko kamangowerenga mtunda, sikaona lambayo, ndipo munthu akhoza kukazimitsa osasintha kanthu. Mukagula pikapu imene mbiri yake simukuidziwa, kaya yalowera pa Songwe kapena pa Mwanza, sinthani lamba ndi timagudumu take musanayambe nayo ntchito. Akaduka injini ikulira, mapistoni amamenya mavalavu.

Zingatheke kuti phokoso silikuchokera mu injini n'komwe?

Zimatheka, ndipo n'zochuluka kuposa mmene anthu amaganizira. Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Pikapu yanga inayamba kulira ngwengwengwe ikaima. Munthu wina, osatsegula n'komwe boneti, anandiuza kuti ndi mainjekita. Ndinalipira, anawachotsa, anawatsuka, anawabwezera. Phokoso lili pomwepo. Patatha sabata, mnyamata wina wophunzira ntchito anakwawira pansi, n'kungogwira ndi nsanza kachilata kotchinga kutentha kwa ekizozi. Zii. Bawuti imodzi inali itagwera m'misewu ya mabampu ya kumidzi.

Misewu yafumbi yopita kuminda ya kachewere imamasula chilichonse. Onani mphira zopachikira ekizozi, chitsulo chotchinga sampu, zitsulo za kutsogolo kwa bampala, ndi makako a kumbuyo onyamulira katundu. Onaninso mphira zikuluzikulu zogwiriza injini, zimene amakaniko amati mamaunting'i. Zikang'ambika, chiwongolero ndi ndodo ya giya zimavina galimoto itaima, ndipo pozimitsa mumamva gu!

Kilatchi nayo ili ndi chinenero chake. Phokoso limene limayamba mukaponda kilatchi ndi la bering'i yake yokankhira. Limene limamveka musanaponde n'kutha mukaponda, lili mu giyabokosi. Zonsezi sizifuna kuphwasula injini.

Yanga ndi ya petulo. Zimenezi zikundikhudza?

Zambiri zikukukhudzani: malamba, matapeti, mabering'i ndi tcheni zimalira chimodzimodzi. Chosiyana n'chakuti injini ya petulo yabwino imayenera kukhala yofatsa, ndiye kugogoda kulikonse n'kokayikitsa. Ikamadumphadumpha ikaima, ekizozi ikulira phu, phu mosalongosoka, yambani ndi mapulagi ndi mawaya ake. M'nyengo ya nkhungu chinyezi chimalowa mu distributor, ndipo mawaya okalamba amathawitsa moto. Tsegulani boneti usiku injini ikulira, mudzaona timoto tabuluu tikudumpha, tikulira tsa, tsa. Kulira kwa sssss ngati njoka ndi payipi ya mpweya yong'ambika.

Amene muli ndi za kabureta, monga Nissan 1400, kumbukirani za mpweya wopepuka uja. Kabureta yochunidwa kunyanja ikafika kuno imamwetsa injini petulo wochuluka, mapulagi amada, ndipo injini imatsamwa ikaima. Ichunitseni komwe imagwira ntchito masiku ambiri.

Ena amati thirani oyilo wokhuthala, phokoso litha. Ndi zoona?

Lisiya kumveka, koma matenda akhalapobe. Oyilo wokhuthala, kapena mankhwala aja onanda ngati uchi, amangodzaza mpata wa zitsulo zotha. Kuno kozizira kuli ndi choopsa china: m'mawa wa mu Julayi oyilo wotere amachedwa kukwera pamwamba pa injini, ndipo masekondi amenewo zitsulo zimakhala zikukhulana zouma. Pa mapikapu ambiri akale a dizilo, 15W-40 ndi wokwanira. Zatsopano zimafuna wopyapyala kuposa pamenepo, ndiye tsatirani buku la galimotoyo. Poti misewu yathu ndi yafumbi ndipo katundu ndi wolemera, musapitirire makilomita 5,000 musanasinthe oyilo ndi fyuluta yake.

Fyuluta yabwino ili ndi kamphira m'kati koletsa oyilo kubwerera mu sampu usiku. Yachinyengo imakhuthula oyilo yense, ndipo m'mawa uliwonse injini imayamba ndi khwekhwekhwe kwa masekondi angapo. Ngati phokoso lotere layamba mutangosintha oyilo, yambani mwakayikira fyulutayo.

Ogula galimoto, apa mpamene amakupusitsirani. Wogulitsa wochenjera amathira oyilo wokhuthala n'kuitenthetsa musanafike. Pitani m'mamawa, gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti yagona, ilizeni nokha, ndipo mukaiyendetsa mpaka itenthe, muimvetserenso itaima.

Ndiziitenthetsa nthawi yaitali bwanji m'mawa?

Mineti imodzi kapena ziwiri zakwana, kuti oyilo afike paliponse ndi kuti inu mumvetsere. Kenako nyamukani mofatsa, osaponda moto kwambiri, mpaka muvi wa kutentha uyambe kukwera. Dizilo ikangoima imachedwa kutentha, ndipo kuisiya ikulira theka la ola kumangotha mafuta, kudzaza mwaye m'mainjekita ndi kudetsa oyilo.

Nthawi imene kudikira kuli kofunika ndi pozimitsa. Ngati yanu ili ndi turbo ndipo mwangokwera kumene chitunda chochokera ku Golomoti, isiyeni ilire mineti imodzi kapena ziwiri. Turbo imakhala yotentha koopsa, ndipo mukazimitsa mwadzidzidzi oyilo amapserera m'mabering'i ake. Mapeto ake ndi kulira kwa fyuuu ngati sayirini, ndi utsi wabuluu.

Katundu ali kale m'galimoto, ogula akudikira ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe. Ndipite kapena ndisapite?

Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo pali zitunda za ku Linthipe zoti injini ikoke. Yankho lili pa mtundu wa phokoso limene mwamva.

Ngati ndi chilata chomasuka, khakhakha wa m'mawa amene watha itatentha, kapena tetete wopepuka amene mwakhala naye miyezi, oyilo ali pa mzere ndipo kagetsi kofiira kazima, pitani. Mukakonze mukabwerako.

Ngati ndi lamba wolira, bering'i yokhakhala kapena pampu ya madzi yodontha, chedwani ola limodzi mukonzeretu pompano. Ndi zinthu zopezeka pa boma, ndipo mtengo wake pano ndi wochepa kuposa umene mungalipire mutafera pa Chimbiya usiku, mukulondera matumba. Tcheni imene yayamba kulira osalekeza ndi injekita yogogoda yotulutsa utsi, musaziyendetse ulendo wolemera chotere zisanaonedwe.

Koma ngati ndi gogogo wa pansi, kagetsi ka oyilo kakuphethira, kapena mwaona tonyezimira pa chala, chotsani kiyi. Musayese n'komwe zoti ndingofika pagalaja pokha. Ikokeni ndi chingwe kapena aitaneni amisiri abwere pomwepo. Akafika, auzeni zimene mwamva ndi nthawi imene mwazimva, osati dzina la matenda, ndipo muwapemphe akumvetseni ndi khutu lanu asanamasule bawuti yoyamba. Zipangizo zimene achotsa akupatseni m'manja. Za katunduyo musade nkhawa: imbirani mnzanu wa pikapu ina, mugawane phindu la ulendo umodziwo. Anyamata awiri amasamutsa matumba onsewo tiyi asanazizire.